Wothamanga asadikire njala kuti adye

M'chaka cha 2004, Vincent Onywera wa pa Kenyatta University ndi anzake adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adamuchita pa kampu ina ya kumapiri a Rift Valley ku Kenya. Kwa masiku 7 ankayeza pa sikelo chilichonse chimene anyamata 10 othamanga mtunda wautali ankadya ndi kumwa. Anyamatawo adali akatswiri odziwika m'mipikisano ya kunja, ndipo amene ankayembekeza kumva za chakudya chachinsinsi adagwa mphwayi, chifukwa m'mbale mudapezeka zimene mayi aliyense wa ku Dedza kapena ku Chipata angaphike osafunsa munthu: ugali, umene ndi nsima yathu yomweyi, kabichi, nyemba, mbatata ya kachewere, mpunga, buledi, kanyama pang'ono, ndi tiyi wa mkaka wothira shuga wosaumira. Magawo oposa 76 pa 100 alionse a mphamvu zawo ankachokera ku zakudya zokhutitsa ndi shuga. Mbali imeneyi ndi imene idatchuka, ndipo mpaka lero anthu amaitchula pofuna kutamanda nsima. Koma m'kafukufuku yemweyo mudali chiwerengero china chimene ambiri amachidumpha. Anyamatawo ankadya makalori pafupifupi 3,000 patsiku pamene matupi awo ankawotcha pafupifupi 3,600. Chakudya chidalipo, iwo ankadya n'kukhuta, koma tsiku lililonse ankagona ndi ngongole m'thupi.

Nkhani yagona pamenepa. Munthu wa mu ofesi kapena wokhala pa golosale tsiku lonse angathe kumvera mimba yake, ikalira adye, ikadzaza asiye, ndipo vuto lake likakhalapo kawirikawiri limakhala la kupyola muyeso. Wothamanga makilomita 100 kapena kuposerapo pa sabata zake n'zina. Kwa iyeyu njala imabwera mochedwa ndiponso mopereweza, sikelo imanena zoona zochepa, ndipo ngozi yaikulu imene imamuyembekezera ndi kudya mosakwanira kwa miyezi yambiri iye osadziwa, mwinanso akudzitama kuti ali ndi mwambo. Chakudya cha munthu wotere chiyenera kupimidwa ndi ntchito imene miyendo yagwira tsikulo, kaya mimba yalira kaya yangoti zii.

Masamu ake ndi osavuta. Kilomita imodzi imadya pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo liwiro silisintha kwenikweni chiwerengerochi, limangosintha nthawi imene mphamvuzo zithere. Munthu wolemera makilogalamu 60 akathamanga makilomita 10 wawotcha makalori pafupifupi 600, ndipo akamaliza marathon yonse ya makilomita 42.195 wawotcha pafupifupi 2,500. Thupi limasunga shuga wokonzeka kale, wotchedwa glycogen, m'minofu ndi m'chiwindi, koma nkhokwe yake imangokwana magalamu pafupifupi 500, amene ndi makalori 2,000. N'chifukwa chake othamanga ambiri miyendo imawaumira pakati pa kilomita ya 30 ndi ya 35, mutu n'kuyamba kuzungulira. Tsono tiwerenge za sabata yonse. Munthu yemwe uja akamathamanga makilomita 120 pa sabata, akufunika makalori oposa 1,000 tsiku lililonse pamwamba pa amene akadafuna atangokhala pakhomo. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, kutanthauza kuti akufunika nsima ya ufa wa magalamu pafupifupi 300 yongowonjezera, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe.

Munthu angaganize kuti thupi limene lawotcha zochuluka chotero lidzafuula lokha kuti lipatsidwe chakudya. Zimachitika ndi zosiyana, makamaka pa maola oyamba. M'mimba mumapangidwa homoni yotchedwa ghrelin, imene akatswiri a ku Japan adaitulukira mu 1999, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti nthawi ya kudya yakwana. David Stensel ndi anzake pa yunivesite ya Loughborough ku Britain aonetsa mobwerezabwereza kuti munthu akathamanga mwamphamvu homoni imeneyi imatsika, pamene mahomoni ena a m'matumbo amene amauza ubongo kuti wakhuta amakwera. Magazi nawo amakhala atachoka kumimba kupita ku minofu ndi kukhungu kukaziziritsa thupi. Aliyense amene adakhalapo pafupi ndi othamanga amazidziwa izi. Mnyamata wabwera kuchokera ku makilomita 25, thukuta lauma n'kusiya mchere pamphumi, amuikira nsima yotentha, iye atema mbamu ziwiri zitatu, akankha mbale n'kunena kuti sizikulowa, agugudiza madzi, akagona. Njala imadzabwera madzulo, koma mimba ili ndi malire ake, ndipo nsima ya mgaiwa, nyemba ndi masamba zimadzaza msanga mphamvu zisanakwane. Kutentha kumaphanso chilakolako cha chakudya, ndipo malo okwera kwambiri ngati Iten, pa mamita pafupifupi 2,400, amachita chimodzimodzi. Choncho munthu angathe kukhuta chakudya chilichonse cha tsikulo, n'kukhalabe wopereweredwa.

Thupi likapereweredwa siligwa pansi nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika. Limachita zimene timaona magetsi akachepa m'dziko: mzere wopita ku chipatala chachikulu umasiyidwa woyaka, madera ena n'kumazimitsidwa mosinthana. Mtima, mapapo, ubongo ndi miyendo imene mwini wake akuikakamiza kuthamanga zimalandirabe gawo lawo. Zimene zimazimitsidwa ndi zosaoneka msanga: kubereka, kumanga mafupa, chitetezo cha m'thupi, kukonza minofu yong'ambika, ngakhale kutenthetsa manja ndi mapazi. Anne Loucks wa pa Ohio University ku America ndiye adaika manambala pa nkhaniyi. Iye ankachotsa mphamvu zimene zapita ku masewero pa chakudya chonse cha tsiku, zotsalazo n'kuzigawa ndi kulemera kwa thupi kosawerengera mafuta. Adapeza kuti munthu amakhala bwino zotsalazo zikakhala makalori pafupifupi 45 pa kilogalamu, ndipo m'kafukufuku wake wa mu 2003 adaonetsa kuti zikatsika pansi pa 30, mahomoni oyendetsa msambo amasokonekera m'masiku 5 okha. Tiyerekeze mtsikana wa makilogalamu 50, amene 42 mwa iwo ndi minofu, mafupa ndi ziwalo. Akudya makalori 2,000, chakudya chimene amayi ake angati n'chokwanira ndithu, ndipo akuthamanga makilomita 16 patsiku, amene akumudyera 800. Zotsala ndi 1,200, ndipo tikagawa ndi 42 tikupeza 29. Mtsikanayu sakusala kudya, alibe matenda a maganizo okana chakudya, koma ali kale pansi pa mzere. Kuti afike pa 45 akufunika makalori pafupifupi 2,700. Akatswiri masiku ano amachenjeza kuti 30 si mpanda woti aliyense amagwera pomwepo, anthu amasiyana, ndipo amuna amaoneka kuti amapirira pang'ono kuposerapo. Koma kumene nkhaniyi imalowera sikusintha.

Mafupa ndiwo amalipira ngongoleyi mochedwa koma mowawa. Mu 1984, Barbara Drinkwater adaonetsa kuti atsikana othamanga amene adasiya kusamba adali ndi mafupa a msana ofooka poyerekeza ndi anzawo osamba bwino, ngakhale onse ankachita masewero ofanana. Kwa zaka zambiri vutoli linkatengedwa ngati la akazi okha, mpaka mu 2014 pamene komiti yoyendetsa masewero a Olympic idalipatsa dzina latsopano la RED-S n'kunena poyera kuti amuna nawo limawagwira: homoni ya testosterone imatsika, chilakolako cha m'banja chimazirala, mafupa amachita ming'alu. Ida Heikura ndi anzake, poyeza akatswiri othamanga mtunda wautali mu 2018, adapeza kuti akazi osasamba ndi amuna a testosterone yotsika ankavulala mafupa kuposa kanayi poyerekeza ndi anzawo. Nkhani imene idagwedeza dziko ndi ya Mary Cain wa ku America, amene ali mtsikana wa kusekondale ankaphwanya mbiri za liwiro za achinyamata. Mu 2019 adauza nyuzipepala ya New York Times kuti ali m'gulu la mphunzitsi Alberto Salazar ankakakamizidwa kutsitsa thupi, adasiya kusamba kwa zaka zitatu ndipo adathyoka mafupa asanu. Salazar adakana zambiri mwa zimenezi. Chimene palibe angakane n'chakuti liwiro la mtsikanayo lidatsika. Kwathu kuno vutoli lili ndi chobisalira china, chifukwa mtsikana sangayambe nkhani ya kumwezi ndi mphunzitsi wamwamuna, ndipo akangoti wadumphitsa miyezi itatu, anthu amathamangira kuganiza za mimba basi. Ikapezeka kuti palibe, onse amapuma, nkhani n'kuthera pomwepo, pamene ndi pamene imayenera kuyambira.

Msampha weniweni uli pa sikelo. Thupi likazimitsa madera ena limawotcha zochepa, ndiye kulemera kumaima malo amodzi ngakhale munthu akudya mopereweza. Izi zidaoneka bwino m'kafukufuku wa Ancel Keys ku Minnesota pakati pa 1944 ndi 1945, pamene amuna 36 adavomera kudya theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Adataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi, mphamvu zimene thupi limawotcha munthu atangogona zidatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ankamva kuzizira, ankapsa mtima ndi zazing'ono, ndipo maganizo awo onse adali pa chakudya. Othamanga nawo zimawachitikira mwa mtundu wake. Herman Pontzer, amene adatchuka poyeza alenje a mtundu wa Hadza ku Tanzania, adali m'gulu limene lidatsatira anthu othamanga kuchokera ku California mpaka ku Washington mu 2015, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000 m'masabata 20. Pofika kumapeto matupi awo ankawotcha makalori pafupifupi 600 patsiku pansi pa amene masamu ankanena. Akatswiri akadatsutsanabe pa kukula kwa kusinthaku mwa anthu wamba, koma zoti kumachitika n'zosakayikitsa. Tsono wothamanga akaona sikelo yaima amaganiza kuti akudya kwambiri, achotsa chakudya cha m'mawa, thupi lizimitsa dera lina, sikelo iimanso. Ndipo akasiya nsima n'kuona makilogalamu awiri achoka m'masiku atatu, asasangalale. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi, ndiye chimene chachoka ndi madzi pamodzi ndi shuga amene akadamufikitsa kumapeto kwa mpikisano.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolimba. Amati wopepuka amathamanga kwambiri, ndipo n'zoona. Kilogalamu iliyonse iyenera kunyamulidwa pa sitepe iliyonse, ndipo zidayezedwa kuti magalamu 100 okha owonjezera pa nsapato iliyonse amakweza mphamvu zofunika ndi gawo limodzi pa 100. Eliud Kipchoge, amene adathamanga marathon pa nthawi ya 2:01:09 ku Berlin mu 2022, amalemera makilogalamu ongopitirira 50 pang'ono. Koma masamu amenewa amagwira ntchito ngati chochotsedwacho ndi katundu wopanda ntchito, ngati nsapato. Thupi la munthu wowonda kale likamatsika silisankha mafuta okha, limadyanso minofu imene imakankha munthuyo kutsogolo. Ndiponso kuona Kipchoge n'kunena kuti amapambana chifukwa ndi wochepa thupi ndi kuiwerenga nkhani chafutambuyo. Thupi lake ndi zotsatira za chibadwa ndi zaka pafupifupi 20 za kuthamanga makilomita ochuluka popanda kuvulala kwakukulu, ndipo kusavulalako ndiko chuma chake chenicheni. Ubwino wa kilogalamu imodzi yochotsedwa ndi masekondi, pamene mng'alu wa fupa la mwendo umakhazika munthu pansi masabata 6 kapena 8, nthawi zina miyezi. Akatswiri amene amatsitsa thupi mwanzeru amatero pang'ono, kwa masabata ochepa mpikisano waukulu ukayandikira, moyang'aniridwa ndi odziwa za zakudya, kenako n'kubwerera pa thupi lawo la masiku onse.

Mfundo yachiwiri imachokera ku Kenya komwe kuja: ngati anyamata a Onywera ankadya mopereweza n'kumapambanabe, vuto lili pati? Kafukufukuyo adali wa sabata imodzi, pa nthawi ya maphunziro olemetsa, ndipo sakutiuza zimene ankadya akapita kumudzi kukapuma mpikisano utatha. Chachikulu n'chakuti ife timawerenga okhawo amene afika pa wailesi ya kanema. Amene adathyoka ali ndi zaka 19 n'kubwerera kukalima palibe amawalemba. Pamene ofufuza adapita kukayang'ana mbali imeneyi, adapeza zodetsa nkhawa. Esther Muia ndi anzake adalemba mu 2016 kuti atsikana achichepere othamanga a ku Kenya ali pa chiopsezo cha kupereweredwa mphamvu ndi kusokonekera kwa msambo, ndipo kafukufuku wina wa mu 2018 adapeza mafupa a msana ofooka mwa ena mwa amuna akatswiri a dzikolo. Dziko limene lili ndi othamanga zikwizikwi likhoza kutaya ambiri n'kumapatabe mendulo. Dziko ngati Malawi, limene mtsikana ngati Catherine Chikwakwa, amene adatiimira ku Olympic, amapezeka mwa apo ndi apo, silingakwanitse kutaya ngakhale mmodzi mwa njira imeneyi.

Ena adzati zonsezi ndi za akatswiri, pamene bambo amene amadzuka mbandakucha kuzungulira bwalo ku Lilongwe kapena ku Lusaka akufuna kuchotsa mimba, ndipo adokotala adamuuza za shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bambo ameneyu nkhani yake ndi ina ndithu. Makilomita 5 katatu pa sabata pa thupi la makilogalamu 85 ndi makalori osakwana 1,300, amene angabwerere onse Loweruka limodzi pa kanyenya ndi mabotolo angapo. Iyeyu kuthamanga kudzamuthandiza mtima, shuga ndi tulo, koma thupi lidzatsika ndi zimene akusintha pa mbale, ndipo ali nazo zoti achotse. Ngakhale iye, chochotsa chikhale chochepa, makalori 300 mpaka 500 patsiku, chichokere ku zakumwa zotsekemera, mowa ndi zokazinga, ndipo chisachotsedwe pa tsiku la mtunda wautali. Akadzalembetsa mpikisano ngati Comrades wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, wa makilomita pafupifupi 90, adziwe kuti wasamukira m'gulu lina. Kukonzekera mtunda wotere ndi kutsitsa thupi ndi ntchito ziwiri zosayenera kugwiridwa mwezi umodzi.

Za amene amati nsima ndiyo mdani sitichedwapo. Chiphunzitsochi chidafala kuchokera ku South Africa, kumene Tim Noakes wa ku Cape Town adayamba kulimbikitsa zakudya za mafuta ambiri zotchedwa Banting. Kwa odwala shuga pali zokambirana. Kwa wofuna liwiro yankho lidabwera mu 2017, pamene Louise Burke wa ku Australia adayesa akatswiri a mpikisano woyenda ndawala: amene adadya mafuta m'malo mwa zokhutitsa adaphunziradi kuwotcha mafuta ambiri, koma ankafuna mpweya wochuluka pa liwiro lomwelo ndipo nthawi zawo sizidapite patsogolo ngati za anzawo. Malangizo a mabungwe a zamasewero amati wothamanga ola limodzi mpaka atatu patsiku adye magalamu 6 mpaka 10 a zakudya zopatsa mphamvu pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndi magalamu 1.2 mpaka 2 a zomanga thupi.

Chotsutsa chovuta kuyankha ndi cha m'thumba. Mnyamata wonyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje amene akukonzekera mpikisano wa Porters Race, kapena mwana wa sukulu amene wadzuka wopanda phala, sakudya mopereweza chifukwa cha sikelo. Kumuuza kuti awonjezere makalori 1,000 m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi chipongwe ngati palibe womugulira. Yankho loona mtima lili pawiri. Chakudya chikachepa, makilomita achepe nawo, ndipo mphunzitsi amene amalemba ndandanda ya kuthamanga osafunsa kuti ana adya chiyani akugwira theka la ntchito yake. Kwinaku, zimene zimatseka mpatawu si za m'masitolo akuluakulu. Mtedza wa magalamu 100 uli ndi makalori oposa 550, ndiye nsinjiro m'phala kapena m'masamba imawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba. Munthu amene nsima sikumulowa atangofika, thobwa limalowa, tiyi wa mkaka amalowa, nthochi ziwiri kapena mbatata yootcha zimalowa, ndipo ola loyambalo ndi pamene minofu imabweza shuga wake mwachangu. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga yomwe, zimapereka zomanga thupi pamodzi ndi kashiamu wa mafupa. Kudya kanayi kapena kasanu pang'onopang'ono kumaposa kudikira mitanda isanu ya usiku.

Magazi ndi nkhani ina yoyenera diso. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi magazi ochepa, ndipo malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimawonjezera vutoli. Wothamanga amataya ayironi kuposa munthu wamba, ndipo kwa maola angapo atathamanga kwambiri matumbo ake amayamwa ayironi movutikira. Tiyi amene amathandiza pa mphamvu amatchinganso ayironi akamwedwa pamodzi ndi nyemba kapena bonongwe, choncho ndi bwino kumupatula ndi ola limodzi, pa chakudyapo n'kuikapo gwafa, lalanje kapena madzi a malambe. Mphunzitsi amene akufuna kudziwa ngati ana ake akudya mokwanira aike sikelo pambali n'kufunsa zina: akugona bwanji, akumva kuzizira anzawo ali bwinobwino, chimfine chikubwerabwera, liwiro likutsika pamene ntchito yakwera, pali malo amodzi pa fupa la mwendo kapena phazi amene akupweteka ukadina ndi chala. Za kumwezi pakhale mayi wamkulu m'gulumo amene atsikana angamuuze momasuka, ndipo amene wadumphitsa miyezi itatu popanda mimba aperekezedwe ku chipatala akayezedwe, makilomita ake atsitsidwe ndipo mbale yake iwonjezeredwe sabata yomweyo.